Diso la Nsomba Yaikazi: Mbiri ya Kafukufuku wa Nsomba za M'nyanja Yathu

 Nkhani yathu lero ndi ya nsomba, koma si ya kaphikidwe kake kapena ya mtengo wake ayi. Ndi mbiri ya funso limodzi limene linazunguza mitu ya anthu ophunzira kwa zaka zambirimbiri, ndiponso ya yankho lake limene layamba kuoneka bwino m'masiku athu ano.

Aliyense amene anafikapo pa msika wa ku Kawale, kwa Biwi, kwa Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 kapena kwa Mgona mu mzinda wa Lilongwe amawadziwa mabenchi a nsomba: milu ya utaka wouma, kambuzi, mbaba, mcheni wowamba, ndipo mwa apo ndi apo chambo, chimene mtengo wake umabweza munthu m'mbuyo. Tikapatula usipa, matemba, kampango ndi mlamba, nsomba zimenezi ndi za banja limodzi, limene akatswiri amalitcha cichlid. Ife lero tingoti banja la chambo. M'nyanja ya Malawi muli mitundu yoposa 500 ya banja limeneli, ena amati ingapitirire 800, ndipo pafupifupi yonseyo sipezeka kwina kulikonse. Palibe nyanja ina pa dziko lonse lapansi imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka chotere. Tsono funso ndi ili: kodi zinatheka bwanji kuti m'madzi amodzi mubadwe mitundu yonseyi?

Tiyambire m'chaka cha 1859. Mu Seputembala chaka chimenecho David Livingstone anafika m'mphepete mwa nyanja yathu, ndipo mu Novembala chaka chomwecho, ku London, Charles Darwin anatulutsa buku lake lofotokoza kuti mitundu ya zamoyo imasintha pang'onopang'ono, mbadwo ndi mbadwo, chifukwa zimene zili zoyenerana bwino ndi malo awo ndizo zimapulumuka ndi kusiya ana. Pa nthawiyo palibe amene akanaganiza kuti zinthu ziwirizi zidzakumana.

Koma Darwin anali ndi chomusautsa. Ngati chofunika ndi kupulumuka, nanga bwanji pikoko wamwamuna amasenza chimchira cholemera chimene chimamuonetsa kwa adani? Nanga tambala amavaliranji nthenga zowala pamene thadzi savala? M'chaka cha 1871 iye analemba buku lina, ndipo anayankha kuti kupulumuka kokha sikukwanira, pakuti nyama yamphongo imene yakhala ndi moyo wautali koma yakanidwa ndi zazikazi imafa yopanda mbewu. Motero chimene zazikazi zimakonda chimachuluka mu mtundu, ngakhale chikhale cholemetsa. Anthu ambiri ophunzira a m'nthawi yake, kuphatikizapo mnzake Alfred Russel Wallace, sanakhulupirire kuti mbalame kapena nsomba yaikazi ingasankhe mwamuna poona kukongola. Ganizoli linagona kwa zaka pafupifupi 100.

Pamene linali chigonere, nsomba zathu zinali kuwerengedwa. John Kirk, dokotala amene ankayenda ndi Livingstone, anatumiza nsomba zingapo ku British Museum, ndipo m'chaka cha 1864 Albert Günther anazipatsa mayina a Chilatini. Mwa izo munali chambo. Pofika chaka cha 1922, Charles Tate Regan anali atalemba mitundu 84. Kenaka Cuthbert Christy anasonkhanitsa nsomba zambirimbiri m'zaka za 1925 ndi 1926, ndipo mayi wina wophunzira, Ethelwynn Trewavas, atazisanthula anafalitsa mndandanda wa mitundu 175 m'chaka cha 1935. Tiyenera kukumbukira kuti anthu amenewa ankaona nsomba zakufa, zosungidwa m'mabotolo a mankhwala, zimene maonekedwe ake anali atafwifwa kale. Ankawerenga mano, mamba ndi minga. Chimene nsomba yaikazi imaona pa yaimuna, iwo sankachiona konse.

Amene ankachiona anali asodzi athu. Iwo ankadziwa kale kuti chambo chachimuna chimasintha khungu pa nyengo yoswana, ndiponso malo amene utaka umasonkhana. Mawu akuti mbuna, amene Atonga a ku Nkhata Bay amatchulira tinsomba tam'miyala, ndiponso akuti utaka, analowa m'mabuku a sayansi monga momwe alili, ndipo lero amatchulidwa ku Japan, ku Germany ndi ku America.

Kafukufuku anasamukira kunyanja kwenikweni m'chaka cha 1939, pamene Trewavas anabwera yekha ku Nyasaland pamodzi ndi anzake awiri kudzaona za usodzi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, m'chaka cha 1945, kunabwera mtsikana wa zaka 24, Rosemary Lowe, amene anakhala kufikira 1947 akuphunzira za chambo kumwera kwa nyanja. Iye anaonetsa kuti chimene ogula amangoti chambo ndi mitundu ingapo, yoswana pa nyengo ndi malo osiyana. M'zaka za m'ma 1950 boma linatsegula malo a kafukufuku ku Nkhata Bay, ndipo kumeneko Geoffrey Fryer anayamba kupenyerera mbuna zamoyo pakati pa miyala. Buku limene iye analemba ndi T. D. Iles m'chaka cha 1972 likuwerengedwabe.

Yankho loyamba limene akatswiriwa anapereka linali la m'kamwa. Nsomba za banja la chambo zili ndi nsagwada zachiwiri kukhosi zimene zimapera chakudya, kotero nsagwada zakutsogolo zimatha kusintha kuti zigwire ntchito zosiyanasiyana, monga anafotokozera Karel Liem m'chaka cha 1973. Mbuna zina zimapala ndere pa miyala. Utaka umadya tizilombo ting'onoting'ono toyandama. Mcheni umasaka usipa. Zilipo zina zoswa nkhono, zina zozula mamba a zinzake, ndipo ilipo ina yogona chammbali pa mchenga ngati yafa, kudikira kuti tinsomba tiyandikire. Aliyense ali ndi munda wake, choncho salimbana.

Yankho limeneli ndi loona, koma silinathetse nkhani. Tony Ribbink ndi gulu lake atayendera magombe amiyala, akumira pansi pa madzi ndi mabotolo a mpweya kumsana, anafalitsa m'chaka cha 1983 mndandanda wa mitundu 196 ya mbuna zokha. Chodabwitsa chinali chakuti mitundu yambiri inali ndi mano ofanana, inkadya ndere zomwezo pa mwala womwewo, ndipo zazikazi zake zinali zovuta kusiyanitsa. Chosiyana chinali malaya a zazimuna: iyi yabuluu ya mizeremizere, iyo yachikasu kumimba, inayo ya chipsepse chofiira. Ndipo pa chilumba chilichonse malayawo ankasintha. Apa ganizo lakale la Darwin linadzuka. M'chaka cha 1984 Wallace Dominey analemba kuti kusankha kwa zazikazi kungakhale chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene mitunduyi inachulukira.

Kuti timvetse mphamvu ya kusankhaku, tione kaye kaswanidwe ka nsombazi. Pafupifupi mitundu yonse ya banja limeneli m'nyanja yathu, yaikazi ndiyo imalera ana. Ikaikira mazira imawatola m'kamwa, ndi kuwafungatira momwemo kwa milungu itatu kapena kupitirirapo, isakudya mokwanira. Yaimuna sipereka chakudya, silera ana, ndipo ikatha kukumana ndi yaikazi imodzi imayembekeza ina. Tsono popeza yaikazi ndiyo imasenza katundu yense, siitaya mazira ake kwa aliyense. Imayendera amuna ambiri, imayerekeza, ndipo imasankha. Zotsatira zake n'zakuti zazimuna zowerengeka zimabereka ana ochuluka, pamene zina zambiri sizibereka n'komwe.

Kenneth McKaye, amene anagwira ntchito kwa zaka zambiri ku Cape Maclear, anaona zimenezi ndi maso ake. M'chaka cha 1983 anafotokoza za bwalo la pansi pa madzi lotalika makilomita 4, pamene nthawi zina pankasonkhana nsomba zazimuna zoposa 50,000 za mtundu umodzi. Iliyonse inkatuta mchenga ndi pakamwa, kamwa limodzi pambuyo pa linzake, kufikira itamanga kachulu kokhala ndi kabwalo pamwamba. Kachulu kameneka si chisa cholereramo ana, pakuti mazira amachoka ndi mayi wawo nthawi yomweyo. Ntchito yake ndi kukopa basi. M'chaka cha 1990 McKaye ndi anzake anaonetsa kuti zazikazi zinkakonda amuna a tizulu totalikirapo. Mitundu ina imamanga tizulu, ina imakumba maenje, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kamangidwe kake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anthu amenewa anadekhadi.

Zoyesa za m'matanki agalasi zinatsimikiza mfundoyi. Yaikazi ikapatsidwa amuna a mitundu yoyandikana, kawirikawiri imasankha wa mtundu wake. Koma ikasowa wa mtundu wake imatha kuswana ndi wa mtundu wina, ndipo anawo amakhala amoyo ndi obereka bwinobwino. Apa pali phunziro lalikulu. Bulu ndi hatchi zikaswana, mwana wake sabereka. Mpanda wolekanitsa mitundu iwiriyo uli m'thupi. Koma pakati pa mbuna zambiri mpanda wotere kulibe. Cholekanitsa ndi kukonda kwa yaikazi. Pambuyo pake kunapezeka kuti si maso okha amene amagwira ntchito: fungo ndi timaphokoso timene yaimuna imachita pofunsira zimathandizanso. Karen Carleton ndi Thomas Kocher anaonetsanso kuti mitundu yosiyana siona kuwala mofanana, ndipo ina imaona kuwala kumene diso la munthu silitha kuona.

Tsopano tilowe m'gawo lachiwiri la mbiriyi, la zimene zili m'kati mwa thupi. M'kanyama kalikonse muli malangizo a chibadwa olembedwa pa kaulusi kotchedwa DNA, kamene kapangidwe kake kanadziwika m'chaka cha 1953. Malangizowa amalembedwa ndi zilembo zinayi zokha zobwerezedwabwerezedwa, ndipo zigawo zake zimene zimalamula chinthu chimodzichimodzi, monga mtundu wa khungu, ndizo timazitcha majini. Nsomba ya banja la chambo ili ndi zilembo pafupifupi 1,000 miliyoni. Kale kuwerenga zonsezi kunali kosatheka, koma m'chaka cha 2014 akatswiri a m'mayiko ambiri anafalitsa malangizo athunthu a mitundu isanu ya banjali, ndipo umodzi unali mbuna ya kwathu kuno.

Anthu ankayembekeza kuti nsomba zosiyana chotere kunja zikhalanso zosiyana kwambiri m'kati. Sizinatero. M'chaka cha 2018 Milan Malinsky, Richard Durbin, George Turner ndi anzawo anawerenga DNA ya nsomba 134 za mitundu 73 ya m'nyanja ya Malawi. Anapeza kuti pa zilembo 1,000 zilizonse, mitundu iwiri imasiyana pa chilembo chimodzi, ziwiri, osafika zitatu. Kuti mumvetse kuchepa kwake, dziwani kuti anthu awiri osakhala pachibale amasiyana pafupifupi pa chilembo chimodzi mwa 1,000. Kunena kwina, mcheni wa mano akuthwa ndi kambuna kopala ndere n'zapachibale chapafupi zedi, ndipo mitundu yonseyi inagawikana m'zaka zosafika miliyoni imodzi, imene pa mbiri ya zamoyo ndi nthawi yochepa. Chambo chenicheni chili m'nthambi ina ya banjali, koma nachonso chimaswana mwa njira yomweyo ya mabwalo a pamchenga.

Nanga ngati kusiyana kuli kochepa chotere, zatsopano zinkachokera kuti? Kafukufuku waonetsa kuti zambiri sizinali zatsopano konse. Makolo a nsombazi anachokera m'mitsinje, ndipo mibadwo iwiri yosiyana itakumana inasakanizana pachiyambi pomwe, n'kusiya nkhokwe yodzaza ndi majini amitundumitundu. Kuchokera pamenepo mitundu yakhala ikubwerekana majini mwa kuswana kwa apo ndi apo. Tingayerekeze ndi mayi amene ali ndi mikanda ya mitundu yowerengeka, koma amalukira mikufu yosiyanasiyana posintha katsatanidwe kake. Umboni wokoma unapezeka m'chaka cha 2018, pamene Ryan York ndi anzake anaswanitsa mtundu wokumba maenje ndi mtundu womanga tizulu. Ana aamuna obadwawo ankayamba akumba dzenje, kenaka n'kumanga kachulu: malangizo a makolo onse awiri anali kugwira ntchito motsatizana.

Nyanja yomwe inathandizapo. M'chaka cha 2005 akatswiri anaboola pansi pa nyanja ndi kutulutsa matope akalekale, amene anaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa zimene zinatsitsa madzi ndi mamita oposa 500, pamene kuzama kwa nyanjayi lero ndi mamita pafupifupi 700. Madzi akatsika, magulu a nsomba amakumana. Akakwera, mapiri amasanduka zilumba ndipo magulu amalekana. Mbuna siikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya. Choncho pa chilumba chilichonse zazikazi zinkasankha mwa njira yawoyawo, kufikira amuna a uku sanalinso okoma m'maso mwa akazi a uko.

Palinso mkangano wa m'majini pakati pa amuna ndi akazi. Mbuna zina zazikazi zili ndi mawangamawanga akuda ndi ofiirira, amene amazibisa pakati pa miyala kuti adani asazione. Kwa yaikazi ndi mwayi, koma kwa yaimuna ndi tsoka, chifukwa mawangawo amawononga malaya ake ofunsirira. M'chaka cha 2009 Reade Roberts, Jennifer Ser ndi Thomas Kocher a ku University of Maryland anapeza kuti jini ya mawangayo inamangirirana ndi jini ina imene imachititsa kuti mwana abadwe wamkazi, kotero mawanga amapita makamaka kwa ana aakazi. Ndipo m'chaka cha 2025, kafukufuku wa nsomba 1,375 za mitundu 240, amene akatswiri a ku Malawi kuno anachita nawo, anapeza zigawo zisanu zikuluzikulu za DNA zimene zinatembenuzika. Chigawo chikatembenuzika, majini ake amayenda limodzi ngati mtolo womanga, osamwazikana, ndipo zina mwa zigawozi zimakhudzanso ngati nsomba ikhale yaimuna kapena yaikazi.

Sitikunena kuti kusankha kwa zazikazi kokha ndiko kunalenga mitundu yonse. Akatswiri ambiri lero amati zinthu zitatu zinagwirizana: malo okhala, chakudya, ndi kusankha pokwatirana. Koma mbiri imeneyi ikutiuza chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchisunga mumtima. Chuma chimene chinachititsa kuti dziko lathu likhazikitse Lake Malawi National Park m'chaka cha 1980, ndi kuti bungwe la UNESCO liilembe pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse m'chaka cha 1984, chaima pa mwendo wowonda. Chaima pa diso la nsomba yaikazi, ndipo diso limafuna madzi oyera.

Anzathu a ku nyanja ya Victoria anaziona kale zimenezi. Kumeneko nsomba yolusa ya Nile perch, imene anthu anaikamo m'zaka za m'ma 1950, inathandiza kutha kwa mitundu pafupifupi 200 m'zaka za m'ma 1980. Koma m'chaka cha 1997 Ole Seehausen ndi anzake anaonetsa mdani wina wachete: kumene madzi anada, zazikazi zinaleka kusiyanitsa amuna ofiira ndi abuluu, mitundu inasakanizana, ndipo kumene kunali mitundu ingapo kunatsala wochepa, wa maonekedwe ofwifwa. Palibe khoka limene linaigwira, inangosungunuka. Kwathu kuno, m'chaka cha 2006, katswiri wa ku Malawi Bosco Rusuwa pamodzi ndi anzake a ku Japan analemba za m'mene matope akuwonongera malo okhala mbuna m'magombe amiyala.

Inu a ku Lilongwe, musaganize kuti nkhaniyi ndi ya a kunyanja okha. Mtsinje wa Lilongwe umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, kumene mitengo yambiri yatha ndi makala amene timaphikira m'tauni. Umadutsa mu mzinda, kulandira madzi ofiira a mvula otsika m'misewu ndi m'madimba, n'kukathira mu Linthipe. Linthipe amakalowa m'nyanja ku Salima, kufupi ndi zilumba za Maleri, zimene zili mbali ya malo otetezedwa aja ndipo zili ndi mbuna zakezake. Dothi lochoka pa gombe la mtsinje kwa Chinsapo lingathe kukatsikira pa mwala umene kambuna kakuvinira mkazi.

Mabwalo a pamchenga nawo ali ndi adani awo. Khoka likakokedwa pansi pa nyengo yoswana limasalaza tizulu, limagwira amuna osankhika amene sachoka pa malo awo, ndiponso amayi amene ali ndi ana m'kamwa. M'chaka cha 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri boma lakhala likutseka usodzi wa makoka ena kuyambira pa 1 Novembala. Ndipo nzeru imeneyi si yachilendo: pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi m'nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, DNA ya nsomba isanawerengedwe ndi munthu aliyense. Wogula nayenso ali ndi mbali yake, pakuti kachambo kakang'ono kamene sikanaswe sikangafike pa benchi ngati palibe wokagula.

Kuchokera pa nsomba zochepa za John Kirk kufikira pa zilembo mamiliyoni zowerengedwa ndi makina, papita zaka zoposa 160. Darwin anamwalira m'chaka cha 1882 asanadziwe kuti umboni wina wamphamvu wa ganizo lake lokanidwa lija unali kusambira m'nyanja ya ku Africa. Mitengo tikaidula tingathe kubzala ina, koma mtundu wa nsomba umene unaumbidwa ndi kusankha kwa mibadwo zikwizikwi, ukasungunuka palibe amene angaubwezeretse. Madzi akatayika sawoleka.